Dzina la Mayi Hajira

Yunike, namwino wa pachipatala china chaching'ono kuseri kwa Chiuta, anabwerera kuntchito kunja kutada, poti rede ya intaneti imagwirako bwino madzulo. Ankalowetsa mu kompyuta mayina a m'makartau, makhadi akale a odwala.

Atadzutsa mutu, anaona mayi Hajira atakhala pabenchi. Iye mwini anawabweza katatu opanda mankhwala a mtima, makinawo akukana kuti sakuwadziwa. Maliro awo anali Lachisanu lapitalo.

"Mwandipeza tsopano, anamwino?" anafunsa mofatsa.

Yunike analemba dzinalo misozi ikugwera pamabatani. Ulendo uno linatuluka msanga: wodwala wafika, akudikira.

"Ndakupezani, amayi. Pepani."

"Zikomo. Ndiye ndikawaitane anzanga."

Pakhonde panamveka mapazi ambiri, akubwera pang'onopang'ono.