Sipanala pa Batire la Mpope

Dzuwa linali paliwombo, nthaka ikung'aluka ndi kutentha, pamene Amosi anaona munthu wachilendo atagwada pa bokosi la batire, sipanala ili m'manja.

Mpope wa sola wa alimi a mpunga ku Jenala unali utaleka kutulutsa madzi, ndipo mbande za Amosi zinali zitayamba kufiira. Batire lake linali la mtundu watsopano, lopanda madzi m'kati, la timapepala tachitsulo tothinikizidwa pamodzi ndi mabawuti. Batire loyamba mbava zinanyamula chaka chatha. Amosi sanafunse kanthu, anangokuwa.

"Wakuba uyooo!"

Anthu anatuluka m'minda ndi makasu. Woyamba kumenya anali Amosi yemweyo, mpini pamsana. Mlendoyo anagwa chafufumimba. A Sitima, oyandikana naye munda Amosi, anamuponda dzanja ndi jombo mpaka fupa linamveka kuthyoka.

"Ndikumanga!" anakuwa mlendoyo, magazi ali m'kamwa, maso ali pa a Sitima. "Ndikumanga!"

"Mwamumva? Akuti andimanga ine!" anatero a Sitima. "Mbava kumanga mwini munda? Umanga ndani iwe, galu wachabechabe?"

Apo ndiye zinakolera. Wina chibuma, wina chigodo, wina chidendene m'nthiti. Amosi anamenyanso kumutu, akuganiza za mbande zake. Munthuyo akanafera pomwepo pakanapanda mayi Aliness, amene anadzigwetsa pa iye akukuwa kuti maliro ake adzayankha ndani. Anamukweza pangolo ali chikomokere, khamu lonse likulondola kupita naye kupolisi.

Amosi anatsala yekha. Anatola sipanala ija, naipukuta paudzu, kuti abwezeretse zimene wakuba anamasula. Bawuti loyamba linakana kusuntha. Lachiwiri chimodzimodzi. Anayesa onse mozungulira, onse olimba gwa, kupatula limodzi lapakona.

Analimanga limenelo. Timapepala ta m'kati tinagundana bwino, kagetsi kobiriwira kanayaka, mpope unalira, madzi nkuyamba kukhavukira mu ngalande.

Amosi anayang'ana sipanala m'dzanja lake. Munthu uja sankaopseza a Sitima. Ankanena ntchito imene ankagwira.

Anaika sipanala pabokosi, natola khasu lake, nkupita kukatsegulira madzi ku mbande.