Mphepo Itatembenuka

Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi akulambula, ndipo msana unali utakana kalekale. Bamboyo ankati akawerama, kuti awongoke mpaka atsamire mpini wa khasu. Koma udzu sudziwa kuti munthu wakula. Unali utauma gwa, wofika m'chiuno, ndipo kuseri kwa phiri utsi unali utatha masiku atatu osachoka.

Nyumbayo ankaidziwa mpaka msomali uliwonse, pakuti malata ake anakhoma yekha. Mitengo ya kumpanda anadzalanso yekha, ndipo sabata imeneyo anaidula nthambi ndi manja omwewo, mtima ukuwawa. Analambula mapazi makumi awiri kuzungulira nyumba yonse mpaka dothi kuoneka. Anachotsa masamba ouma padenga, nasamutsa mulu wa nkhuni umene unatsamira khoma. Migolo inayi anaidzaza madzi, ndipo mu uliwonse ananyikamo thumba lozimira moto.

Mayi a anawo ankaima pakhonde m'mawa uliwonse, manja m'chiuno, n'kupeza potsala. Lero kuseri kwa khitchini, mawa lake kukhola la nkhuku. Munthu wosagwira khasu amaona udzu msanga. Lolemba bamboyo anawauza kuti akufuna tsiku limodzi lokha apite kutsidya kwa mtsinje ndi khasu lomwelo, chifukwa kumeneko nakonso udzu wakula. Iwo anati mawa. Lachitatu anakumbutsanso.

"Kutsidyako kudikire, bambo. Kuno kuli ana."

Bamboyo anangobwerera kukhasu lake. Anali atatopa ndi kulambula, ndipo kutsutsana kukanangomuwonjezera kutopa.

Moto unafika Loweruka dzuwa litangopendeka. Poyamba kunagwa phulusa pazovala zimene zinali pachingwe, kenako kunamveka kuthetheka kwa udzu. Bamboyo analowetsa ana awiri aja m'nyumba, natseka mawindo, nayala matawulo onyowa m'munsi mwa zitseko. Wamng'onoyo, amene anamuphunzitsa kuyenda pakhonde pomwepo, anakanikiza mphuno pagalasi n'kumamuyang'ana.

Panja anatsala yekha. Ankathamangira paliponse pamene pagwa lawi, n'kumenya ndi thumba lonyowa, n'kubwerera kumgolo. Utsi unamulowa m'chifuwa, nsidze zinawauka, nsapato zinayamba kununkha mphira. Mgolo wachitatu utatha, mumtima anavomereza kuti chaka chamawa ntchito imeneyi sadzaithanso.

Motowo unafika pamene khasu linathera, nusowa chodya. Unayenda m'mbali mwa dothi lolambulalo, kufuna polowera, osapapeza. Kenako mphepo inatembenuka. Inaukankha kutsetsereka chigwa, ndipo posakhalitsa unadumpha mtsinje wouma uja n'kuyamba kukwera mtunda wa kutsidya.

Mayi aja anatuluka misozi ili m'maso, akuthokoza Mulungu mokweza. Anazungulira nyumba kawiri ndipo sanapeze chopsa, kupatula ngodya imodzi ya mpanda. Ana anabwera ndi kapu ya madzi, akulimbirana woti apereke. Bamboyo anailandira koma sanamwe. Maso ake anali kumene utsi unkalowera.

"Mwaigwira ntchito, bambo," anatero mayiwo. "Lero mutha kuweruka msanga. Khasu lija tengani, mudzabwere nalo Lolemba."

Khasulo analisiya pomwepo, natuluka pageti ya abwana ake akuthamanga mmene munthu wamkulu angathamangire. Kutsidyako kunali kanyumba kake kofolera ndi udzu, mkazi wake wodwala mwendo ndi zidzukulu ziwiri. Udzu wofika pakhomo anali atawauza kuti adzaulambula mawa.