Nkhonya ya Dingani

Dingani sankadziwa kuwerenga manambala, choncho ululu wake ndinkauyeza ndi dzanja. Nkhonya inkatanthauza kuti sakumva kupweteka, zala zisanu kuti ululu wafika posapiririka. Chiyambireni pamene khansa inamugoneka, ankandionetsa zisanu zokhazokha.

Ndine namwino pa kachipatala kena kufupi ndi Chintheche. Dingani ndinkamukonda tili kusukulu, koma sindinamuuzepo, ndipo anakwatira wina.

Mofini, mankhwala okhawo amene ankamugonetsa tulo, anafika Lachinayi madzulo titakhala opanda kwa sabata yathunthu. Ndinatenga botolo n'kunyamuka kutada kale. M'munda wa chinangwa tochi yanga inaunika munthu ataima pakati pa njira. Anali Dingani, yemwe kwa miyezi iwiri sankatha ngakhale kukhala tsonga.

"Wachedwatu, Ulemu," anatero akumwetulira.

Pakamwa panga panangotuluka funso la masiku onse. "Ululu uli pati lero? Tandionetsa."

Anakweza nkhonya. "Mankhwalawo ukapatse wina."

Analowa m'chinangwamo, koma masamba sanagwedezeke.

Ndinathamanga mpaka kunyumba kwake. Mkazi wake, Mavis, anali pakhonde akutsuka mbale.

"Yewo, anesi, koma mulowe mwakachetechete. Lero sanabuule n'komwe. Aka n'koyamba kugona bwino chonchi."

Dingani ndinamupeza ali pamphasa, atayang'ana kukhoma. Ndinagwira dzanja lake. Linali lozizira, lofumbata, ndipo zala zinakana kutambasuka.

Mavis anasuzumira pakhomo, akupukuta manja pachitenje.

"Ndiwadzutse amwe mankhwala, kapena tiwasiye apume kaye?"