Kamera Imene Inkalondera Mbali Ziwiri

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene ankagwirira ntchito kunyumba kwake. Anafuna wayifayi yoti azitumizira makasitomala zithunzi, komanso kamera yoonera pageti kudzera pafoni. Mmisiri wake anamupeza pakapepala komatidwa pa polo yamagetsi. Munthuyo anabwera, nalumikiza zonse, nati, "Musagwiregwire kabokosi ka wayifayika mayi, mungasokoneze."

Mwezi womwewo mng'ono wake wa mayiyo anafika ndi diso lotupa, atathawa mwamuna wake wankhanza. Ataona kabokosiko anafunsa, "Achemwali, pasiwedi munasintha?"

"Iwe, ine ndimadziwa singano ndi ulusi. Anamangayo ndiye katswiri."

"Sinthani chonde. Ameneyo simukumudziwa."

"Tidzasintha mawa."

Mawa lakelo mpaka lero silinafike.

Patatha sabata, pafoni ya mayiyo panalowa uthenga wochokera kwa mlamu wake uja: "Mumuuze mkazi wanga kuti diresi lofiiralo lamukhala." Mng'onoyo anali atavaladi lofiira, ndipo anali atangotuluka kamodzi kukayanika zovala.

Mantha anawagwira. Mayiyo anaganizira mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anakhala naye bwino zaka khumi. Anakamulalatira kuti ndi kazitape, moni n'kuthera pomwepo.

Anatseka makatani, naletsa makasitomala kubwera. Mng'onoyo anasiya kutuluka ngakhale pakhonde. Tsiku lonse awiriwo ankangoyang'ana geti pafoni. Kenako mayiyo, mwa nzeru zake, anachotsa kamera panja n'kuiika pabalaza kuti iziona chitseko.

Uthenga unabweranso: "Kabati mwatsekera kukhomoyo ndi yopepuka. Ndipo mumuuze asiye kulira."

Masabata atatu anatha ali m'ndende yodzitsekera okha. Akamalankhula ankanong'onezana m'nyumba mwawo momwe. Kupolisi ankaopa kupita, poganiza kuti munthuyo wabisala panja pompo.

Tsiku lina mphepo inagwetsa polo, magetsi n'kuzima masiku awiri. Tsiku loyamba foni inangoti zii. Lachiwiri uthenga unalowa: "Mwazimitsiranji? Yatsani, ndikufuna ndimuone mkazi wanga."

Mng'onoyo anawerenga kawiri, nadzutsa mutu, nayang'ana kamera ija pamwamba pa shelefu. Mayiyo naye anaiyang'ana. Anakhala pansi.

Tsiku lomwelo anapita kupolisi. Mmisiri uja atagwidwa sanalimbelimbe. Pasiwedi inali yomwe ija anaika yekha, ndipo mwamuna wa mng'onoyo anali mnzake wa kumowa. Mmisiriyo atamumva akudandaula kuti mkazi wamuthawira kwa mkulu wake wosoka, anamulumikizira kamerayo pafoni. Mwamunayo sanapondeko n'komwe mumsewu wawo. Ankawaonera ali kwawo, miyendo ili pampando.

Onse awiri anamangidwa, koma mng'onoyo analongedza katundu. Mayiyo anamugwira mkono akulira.

"Khala, pano pali bwino tsopano."

"Achemwali, ine ndinathawa m'nyumba mwa munthu uja. Inu munanditenga n'kundiika m'thumba mwake."

Mpaka pano akuti mng'onoyo akalowa m'nyumba ya munthu amayamba wayang'ana kudenga asanapereke moni.

Phunziro: Pasiwedi ndi kiyi wa nyumba yanu. Mmisiri akangotuluka pageti, sinthani ya wayifayi, ya kabokosi ndi ya kamera, ndipo ngati simudziwa funsani m'bale amene mumamukhulupirira. Wamng'ono akakuchenjezani musamuyankhe kuti mawa. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu lero, poti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.