Alamu Otembenuza Masamba

"Ndikagwedeza mutu, mutembenuze tsamba, alamu," anatero woimba piyano konsati ikuyamba.

Mlamuyo sankatha kuwerenga nyimbo, ndipo palibe anamuuza kuti nyimbo ikakoma, mkuluyu amangogwedeza mutu ngati gulo.

Gwedezu! Tsamba. Gwedezu! Linanso. Mlamu anatembenuza mokhulupirika, thukuta lili kamukamu, wapiyano n'kumangoimba chomwe chabwera pamaso pake. Nyimbo ya mphindi makumi awiri inatha m'mphindi zitatu.

Pambali pa wapiyanoyo, mayi woimba chitoliro, amene ankawerengabe chamumtima kudikira polowera, anatsala chitoliro chili pakamwa, osaliza n'kamodzi komwe.

Mlamu anayang'ana khomo lothawira. Koma holo yonse inaimirira, kuwomba m'manja.

"Mayi," anatero bambo wina akupukuta misozi, "chitoliro chofatsa chonchi sindinachimvepo chibadwire!"