Asosheti wa a Jonasi

Panali munthu wina kufupi ndi Kamwendo, ku Mchinji, dzina lake Eneya. Nkhani yake amayi awiri amaifotokoza mosiyana mpaka lero. Mkazi wake, mayi Tabeth, amati iye sanagulitse mwana wa munthu, anangoperekeza mlendo. Mayi Stelia, omwe mwana wawo anatengedwa, amati kuperekezako ndiye kunali kugulitsa. Mwa awiriwa palibe akunama.

Chinali chaka cha njala ija ya 2002. Eneya anali mlimi wamba, komanso mkulu wa mpingo, munthu woti akanena chinthu anthu sankakafunsanso kwina. Tsiku la msika pa Kamwendo anakumana ndi bambo wina wa jekete ndi chikwama chachikopa. Bamboyo anati ndi a Jonasi, ndipo akufuna atsikana okagwira ntchito za m'nyumba pa esiteti ina ku Chipata.

"Kulemba ntchitoko ndilemba ndekha," anatero a Jonasi. "Inu muzingondilondolera makomo. Mukhala asosheti wanga."

"Asosheti ndiye kuti chiyani, bwana?"

"Ndi Chingelezi chimenecho. Mnzanga wa pa bizinesi, munthu amene ndimayenda naye."

Dzinalo linamukomera Eneya. Posakhalitsa msika wonse unalidziwa, ndipo ogulitsa akamukuwira kuti, "Bwana asosheti, lero mulowera kuti?" iye ankakweza dzanja akumwetulira.

Mayi Tabeth sizinawasangalatse. "Bambo a Ruth, munthuyu kwawo mukukudziwa? Esitetiyo dzina lake ndi chiyani?"

"Ine sindikulemba munthu ntchito, mayi. Kuyenda ndi munthu ndi mlandu?"

"Inu mukungoyenda, koma anthu akuyang'ana nkhope yanu, osati yake."

Eneya sanamve. Tsiku lina anafika ndi a Jonasi kwa mayi Stelia, mayi wamasiye wa mumpingo mwake. Ali pafupi kulowa pabwalo, Eneya anamulandira mlendoyo chikwama, monga amachitira munthu aliyense woleredwa bwino. Iye ankangochita ulemu. Koma kwathu kuno, wonyamula katundu wa mlendo ndiye mwini mlendo, ndiye amadziwa kumene wachokera. Mayi Stelia ataona chikwama chili m'manja mwa mkulu wa mpingo, mafunso onse anawathera.

A Jonasi atamaliza kufotokoza, mayiwo anatembenukira kwa Eneya. "Inu mukuti bwanji, abambo?"

"Mwana ndi wanu, mayi. Muone nokha."

Eneya ankaganiza kuti ndi mawu amenewo wasamba m'manja. Mayi Stelia anamva ngati ndi kudzichepetsa chabe kwa munthu wa Mulungu. M'nyumba munalibe ufa. M'mawa mwake mwana wawo Luwiza, wa Sitandade 8, anakwera minibasi ya ku boda ndi a Jonasi, atalonjezedwa kuti adzabwera kudzaona amake pa Pasaka.

Pasaka inadutsa. Luwiza sanabwere, a Jonasi osaonekanso. Kenako woyendetsa lole wina wodziwa bwino misewu ya ku Chipata anauza anthu pa Kamwendo kuti esiteti yotero kulibe, ndipo atsikana otengedwa mwanjira imeneyo ena amakapezeka m'mabala akutali, ena osapezeka n'komwe.

Eneya anasiya kupita kumsika.

Dzuwa lili paliwombo tsiku lina, a Mateyu, atsibweni a Luwiza, anafika ndi amuna ambiri, ena atagwira zikwanje. Moni sanapereke, mpando anakana.

"Tikufuna asosheti," anatero a Mateyu.

Eneya anatuluka. "Achimwene, ine munthu uja sindimudziwa. Ndinkangoyenda naye."

"Pa msika paja munkakweza dzanja. Lero mwalikana dzinalo?"

"Sindinauze mlongo wanu kuti apereke mwana."

A Mateyu anayang'ana Ruth, mwana wa Eneya, msinkhu umodzi ndi Luwiza, yemwe anaima pakhomo. "Njala ilinso pano. Ntchito ija ikanakhala yabwino, bwanji simunapereke uyu?"

A Jonasi anali atamupemphadi Eneya kuti apereke Ruth, ndipo iye anakana chifukwa mtima sunamukhale pansi. Kukayika kumeneko anakusunga pakhomo pake, kwa mayi Stelia sanapite nako.

"Lamulungu likafika mwana wathu asanaoneke," anatero a Mateyu motsitsa mawu, "nyumba iyi mudzaiona ikuyaka. Zina sindinena pamaso pa mwana."

Atachoka, mayi Tabeth anayamba kumanga zovala m'chitenje. "Tiyeni kwathu ku Dowa. Kupolisi musayerekeze, woyenda ndi chigawenga amamutsekera limodzi ndi mlandu wake."

Mayiwo sankalakwitsa, ndipo Eneya ankadziwa. Koma ankadziwanso kuti m'dera lonselo ndi iye yekha amene anamva a Jonasi akutchula malo amene ankagona ku Mwami, tsidya la boda, ndi anthu amene ankakumana nawo pa boda. Akathawa, Luwiza wathawidwa ndi munthu yekhayo amene akanaloza njira.

"Inu pitani ndi Ruth ku Dowa," anatero.

Iye anakwera minibasi ya ku Boma, nakalowa pa polisi. Wapolisi anamufunsa chimene wadzera.

"Pali mwana watengedwa, bwana, ndipo amene anamutengayo ndinamufikitsa pakhomo ndine. Ngati n'kunditsekera nditsekereni, koma yambani mwamva zimene ndikudziwa."

Phunziro: Kaya akutchani asosheti, mnzake wa pa bizinesi kapena womuperekeza chabe, munthu amene mwayenda naye mwamubwereka nkhope yanu, ndipo anthu adzakhulupirira iye chifukwa cha inu. Ngati simungamupatse mwana wanu, musamufikitse kwa mwana wa mnzanu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja amene anthu amawadalira.