Dzanja Lozizira la Masana

Dzanja lija linkabwera masana, malata a nyumba akayamba kuthetheka ndi dzuwa la Okutobala. Silas akangotsinzina pa sofa, linkafika popanda mgugu wa mapazi n'kukhala pachifuwa pake. Linali lozizira, lachinyontho, ngati lochokera pansi pa nthaka.

Mwini wa dzanjalo Silas ankamudziwa.

Asanabwerere kwawo ku Chawama, anagona m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Chibayo chinamugwetsa ali pa ntchito yake youmba mabuloko. Paipi inali kukhosi, makina akumupumira. Kulankhula sankatha, maso ankalemera, koma makutu anali amoyo. Ankamva namwino, Sister Kasoma, akufotokozera achibale oimirira kumapazi kwa bedi: akadina batani, makina amatseka mpweya kwa kamphindi kuti aone mphamvu ya chifuwa. Wodwala akayesa kukoka yekha, kamzere ka pagalasi kamagwera pansi. Kakangoyenda kowongoka, ndiye kuti munthu akungopumiridwa.

Kamphindi kameneko Silas ankakaopa. Kunkangoti zii, ngati wina watseka chitseko m'kati mwa nthiti zake. Kenako mawu a namwino ankamveka chapansipansi: “Kokani, ba Silas. Kokani mweka. Mashini siyizankala na imwe masiku onse.”

Pa bedi loyandikana panagona bambo wina dzina lake Dyton. Nayenso namwino ankamudandaulira chimodzimodzi kuti akoke yekha mpweya, koma kamzere kake sikanagwe. Tsiku lomutulutsa atamufunditsa nsalu kumutu, dzanja lake linapulumuka n'kukhudza mkono wa Silas. Kuzizira kwake! Madzulo a tsiku lomwelo kamzere ka Silas kanagwa mwamphamvu, anamwino mpaka kusekerera. Posakhalitsa paipi inachotsedwa.

Anthu a ku tchalitchi anati Mulungu ngwamkulu. Silas anavomera. Koma mumtima munatsala kafunso: mpweya umene unabwera mwadzidzidzi tsiku lija unali wa yani?

Sanauze munthu. Mwana wawo Given ankaswera pa minibasi, kuitanira anthu a ku tauni. Mkazi wake Exildah anali munthu wosachulutsa mawu, ndipo chibwerere kuchipatala mawuwo anacheperatu. Ankamuuziririra phala, kumukonzera pilo kumsana, n'kungoti, “Pumulani, bashi Given.” Ndi iye yekha amene ankamuitana choncho, potengera dzina la mwana. Akatero ankatuluka kukagulitsa maayisi, timapaketi ta madzi otsekemera oundana, kwa ana a sukulu pageti. Patapata zake zinkamveka panja, uku ndi uku. M'nyumba munkatsala Silas ndi bata.

Ndipo dzanja linkabwera.

Kutsegula maso sanayerekeze. Anapeza nzeru ina: dzanja likafika, ankagwira mpweya n'kuuma gwa ngati mtembo, kuti Dyton apeze kuti palibe choti atenge. Mumtima ankanena Atate Wathu. Koma akagwira mpweya nthawi yaitali, dzanjalo linkakhalitsanso. Linayamba kukanikiza. Masiku apitawa linayamba kunjenjemera, ngati mwini wake wapsa mtima. Chifuwa chikamukanika n'kuphulika, m'pamene linkachoka mwakachetechete.

Tsiku lina m'mawa anaona Exildah akupinda bulangete lija anafunda kuchipatala, n'kuliika m'chikwama.

“Mailo m'mawa tiyenda ku chipatala,” anatero mkaziyo, kunena za mawa lake, maso ali pa chikwama. “Bakuoneni futi.”

“Nili bwino ine. Simuona nikudya? Nayamba na kunenepa.”

“Kudya mukudya. Koma simuli bwino.”

Anatuluka. Silas anayang'ana chikwama chija. Chipinda chija ankachidziwa, ndi kulira kwa makina ake, ndi bedi lopanda munthu pambali. Akakalowamonso sadzatuluka. Nkhaniyi inayenera kutha lero, pa sofa pomwepa. Agwira mpweya mpaka Dyton atope, apite osabweranso.

Dzuwa linakwera. Ana a sukulu anadutsa ndi phokoso lawo, kenako msewu unati zii. Silas anatsinzina.

Linabwera. Kuzizira kunalowa kupyola malaya.

Anagwira mpweya. Atate wathu wa Kumwamba. Dzanja linadikira. Dzina lanu liyeretsedwe. Dzanja linakanikiza. M'makutu munayamba kulira, m'maso motsinzinamo mukuthwanima timoto. Nthiti zinapempha, iye anakana. Zala zija zinagwira malaya ake n'kuwafinya, zikunjenjemera. Dontho la madzi linagwera pakhosi pake, koma ili linali lofunda.

Pamenepo anamva kunong'ona, pafupi ndi khutu lake, mawu aja a m'chipinda chija.

“Kokani. Kokani mweka. Napapata, chonde, bashi Given, kokani.”

Dyton sankadziwa kuti Silas ali ndi mwana.

Silas anatsegula maso. Exildah anali atagwada pansi, patapata atazinyamula kudzanja limodzi kuti zisamudzutse, linalo lili pachifuwa pake, lofiira ndi maayisi.

“Masiku onse mukagona muleka kupuma,” anatero misozi ili mbwembwembwe. “Nikaika kwanja pachifuwa panu, kulibe vilivonse.”

Silas anakoka mpweya, ndipo dzanja lija linakwera pamodzi ndi chifuwa chake.